Makapu atsuke ndani? Mafunso ndi mayankho pa kagawidwe ka tintchito ta mu ofesi yaing'ono

Maofesi ambiri ang'onoang'ono muno mu Blantyre, kaya ndi pa Ginnery Corner, mu Limbe kapena m'zipinda za pamwamba pa mashopu mu msewu wa Haile Selassie, alibe munthu wolembedwa kuti azisesa ndi kukolopa. Anthu amakhala anayi, asanu ndi mmodzi, akachuluka khumi, aliyense ndi ntchito imene anailembedwera. Koma pansi pamada, bini imadzaza, shuga amatha. Mayankho ali m'munsimu tawalemba poganizira ofesi ya anthu 6 yogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu. Ngati muli ochepa kapena ochuluka, sinthani manambala okha.

Tonse ndife akuluakulu. Aliyense sangamangochita zimene waona kuti zikufunika?

Vuto ndi lakuti anthu saona litsiro pa nthawi imodzi. Wina kapu imodzi ya masamba a tiyi ouma mu sinki yamunyansa kale, wina amadikira kuti makapu oyera atheretu. Amene amanyansidwa msanga ndiye amagwira siponji, mawa amaigwiranso, ndipo pakatha mwezi onse amangoti ndi ntchito yake, kapena kuti amaikonda. Iye sanena kanthu chifukwa cha ulemu, koma mumtima akuwerenga. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Choncho ntchito iliyonse ikhale ndi dzina la munthu mmodzi pa sabata imeneyo, lolembedwa poonekera. Mukalemba kuti "tonse", mwalemba kuti palibe.

Tiyambire pati?

Musayambe ndi kugawa. Yambani ndi kuwerenga. Kwa sabata imodzi matani pepala pakhoma pafupi ndi ketulo, aliyense akachita kanthu kosakhala ka pa desiki pake alembe chimene wachita ndi mphindi zimene chatenga. Kusesa, kukolopa, kuwiritsa madzi, kutaya zinyalala, kuthamangira mapepala a pulinta, kutsekula ndi kutseka ofesi, kutunga madzi, zonse. Lachisanu masana khalani pansi kwa theka la ola muwerenge pepalalo mokweza.

Kawirikawiri pamatuluka zinthu ziwiri. Ntchitozi zimakhala zambiri kuposa mmene aliyense amaganizira, ndipo maina awiri okha ndiwo amadzaza pepala. Msonkhano umenewu usasanduke bwalo la milandu ya chaka chatha. Pepala lanena kale, inu gawani za kutsogolo.

Ntchito sizifanana. Kutsuka chimbudzi mungakuyerekeze ndi kuthira madzi mu fulasiki?

Ayi, ndipo apa ndi pamene mindandanda yambiri imafera. Ikangolemba kuti ntchito zisanu ndi imodzi, anthu asanu ndi mmodzi, aliyense yake, wina amapeza ya mphindi zitatu pamene mnzake wapeza ya theka la ola ndi fungo lomwe.

Yezani ndi mphindi za pa sabata, ndipo ntchito yonyansa muiwerenge kawiri. Mwachitsanzo, kusesa ndi kukolopa zipinda ziwiri ndi kakhonde ndi mphindi 20 patsiku, pa sabata 100. Kuwiritsa madzi, kudzaza fulasiki ndi kutsuka ziwiya za onse ndi mphindi 15 patsiku, pa sabata 75. Chimbudzi ndi mphindi 10 patsiku, zomwe ndi 50, koma timaziwerenga 100. Kutaya zinyalala tsiku ndi tsiku ndi kutsuka bini Lachisanu zikwana 35. Kusamala madzi osunga 40, firiji 20, maulendo a kubanki ndi kogula zinthu 50. Zonse pamodzi ndi 420, ndiye kuti pafupifupi 70 kwa munthu aliyense.

Tsopano mangani mitolo. Pansi ndi madzi osunga, 140, agwire anthu awiri. Chimbudzi ndi zinyalala, 135, anthu awirinso. Tiyi munthu mmodzi. Firiji ndi maulendo munthu mmodzi. Palibe amene wapitirira mnzake ndi mphindi khumi. Lolemba lililonse aliyense asunthire pa mtolo wotsatira, ndipo pakatha masabata 6 aliyense wadutsa ponseponse. Woyamba mtolo wa chimbudzi musamuloze ndi chala, chitani maere.

Manambalawa asinthe ndi nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo anthu amalowa ndi matope a ku Ndirande ndi ku Chilomoni ku nsapato, kukolopa kumakhala kawiri patsiku. Mu Seputembala ndi Okutobala ndi fumbi, lomwe limafuna kansalu konyowa pa mawindo ndi pa mashelefu. Nthawi ya chiperoni pansi sipauma msanga, ndiye kolopani poweruka osati m'mawa anthu akulowa, winawake angaterereke.

Tizisinthana tsiku lililonse kapena sabata iliyonse?

Sabata iliyonse. Mukamasinthana tsiku ndi tsiku, wa Lachiwiri amasiyira wa Lachitatu, wa Lachitatu n'kunena kuti anapeza zili choncho, ndipo mlandu sutha. Mwezi ndi wautali kwa amene wagwira chimbudzi.

Abwana nawo alembedwe pa mndandanda?

Mu ofesi ya anthu 6, inde. Tikudziwa kuti kwathu kuno n'kovuta kuona munthu wamkulu atagwira chikolopa iwe uli pa mpando, ndipo mnyamata wolowa kumene adzathamanga n'kunena kuti, "Siyani abwana, ndipanga ine." Abwana akangovomera kamodzi, mndandanda wonse wagwa, chifukwa wotsatira kwa iwo pa udindo adzayembekezeranso kulandiridwa tsache.

Ngati masiku ambiri amakhala pa msewu wa ku Lilongwe kapena m'misonkhano, asalembedwe pa ntchito ya tsiku ndi tsiku imene sangaikwanitse. Atenge mtolo wokhazikika umene ukugwirizana ndi galimoto yawo: kugula katundu wa mwezi wonse ku Chichiri, kunyamula zigubu za madzi tsiku limene mpopi wauma, kutseka ofesi Lachisanu. Chachikulu n'chakuti mphindi zawo zikwane ngati za wina aliyense, ndipo dzina lawo lioneke pakhoma.

Nanga si tiyi ndi kukolopa amazidziwa bwino ndi amayi?

Amazidziwa chifukwa ndiwo akhala akuzichita, ndipo kuziphunzira sikutenga tsiku. Mayi amene analembedwa ngati wowerengera ndalama akamadzuka pa desiki katatu patsiku kukakonzera alendo tiyi, ola limenelo likuchoka pa ntchito imene adzamuyezere pokweza malipiro. Mnzake wamwamuna ola lomwelo ali pa kompyuta. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kusala munthu chifukwa ndi wamkazi kapena wamwamuna, ndipo Employment Act ya 2000 imaletsa tsankho lotere pa ntchito. Ofesi imene imapereka tsache kwa akazi okha ikudziika pamalo ovuta kuwafotokoza.

Palinso kuzemba kwina kochenjera. Munthu amatsuka makapu mosalongosoka dala, sopo ali mbuu m'mphepete, kuti achemwali anene kuti, "Basi siyani, ndizitsuka ndekha." Musamulande ntchitoyo. Muonetseni kamodzi, aibwereze iye mwini.

Zimene tanena za amayi zikukhudzanso wophunzira ntchito amene wabwera kwa miyezi itatu kuchokera ku koleji. Alowe pa mndandanda ngati wina aliyense, mtolo umodzi. Sanabwere kudzakhala mesenjala wogula chipisi cha ofesi yonse.

Kusesa sikuli mu kalata yanga ya ntchito. Ndingakane?

Employment Act imati olemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza mfundo za ntchito yake, ndipo makalata ambiri amatha ndi chiganizo chakuti mudzagwiranso ntchito zina zimene akuluakulu angakupatseni. Ambiri amatsamira pa chiganizo chimenechi. Koma kumbukirani mbali inayo: lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa ukhondo wa pamalo a ntchito, zimbudzi ndi madzi akumwa pa olemba ntchito. Akhoza kugwirizana ndi antchito kuti azisinthana, koma zipangizo ndi nthawi azipereka ndi iwo.

Ndiye mfundo yoti muimirepo ndi iyi: ntchitozi zichitike mkati mwa maola a ntchito. Ngati ofesi imatsekulidwa 7:30, wokolopa asauzidwe kuti azifika 7 koloko popanda kanthu. Munthu wokhala ku Machinjiri kapena ku Bangwe amene amadikira minibasi kuti idzaze, theka la ola limenelo kwa iye ndi ndalama ya kabaza. Kukana zonse pamene anzanu akugwira kudzakudanitsani ndi anthu amene mumakhala nawo maola 8 patsiku. Kukana mtolo wolemera kuposa wa ena, kapena wa kunja kwa maola, n'koyenera, ndipo nenani zimenezi pa msonkhano osati kuseri.

Wina amangozemba sabata yake. Timulipiritse?

Choyamba mukumbutseni pa awiri, tsiku lomwelo, motchula chinthucho: "Achimwene, sabata ino bini ndi yanu, yayamba kuitana ntchentche." Musalembe pa gulu la WhatsApp kuti "anthu ena muno sadziwa ukhondo". Mawu otere amapweteka anayi osalakwa, wolakwayo n'kumayesa kuti akunena wina. Musajambulenso sinki n'kutumiza pa gulu.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chovuta kwa anthu aukhondo, musamugwirire. Bini ikhale mmene ilili mpaka iye aitaye. Chimbudzi chokha ndicho sichingadikire. Amene wachitsuka m'malo mwake alembe pa mndandanda, ndipo wozembayo abweze masiku omwewo pa sabata ya mnzakeyo.

Akazemba kachitatu, nkhaniyo ipite kwa abwana ngati nkhani ya ntchito. Za chindapusa samalani. Employment Act silola olemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango, choncho kudula pa malipiro chifukwa cha makapu ndi kudziputira mlandu ku ofesi ya zantchito. Anzake okhaokha akagwirizana mwa kufuna kwawo kuti wozemba azigula mandasi a Lachisanu, imeneyo ndi nkhani ina, bola asakakamizidwe.

Makapu ndiwo amatiyambanitsa kwambiri. Pali njira?

Ilipo, ndipo ndi yotsika mtengo. Aliyense akhale ndi kapu yake, mbale yake ndi sipuni yake, zodziwika mtundu kapena zolembedwa dzina kunsi ndi penti wa zikhadabo, amene sachoka ndi sopo. Kapu yako utsuke wekha. Makapu a alendo akhale 6 ofanana, otsekeredwa mu kabati, ndipo atsuke ndi amene mlendoyo anadzamuona. Wa mtolo wa tiyi atsale ndi ketulo, fulasiki, thileyi, sinki ndi kansalu kopukutira.

Makapu osakhala a munthu aliyense achotseni. Pakakhala makapu 20 pa anthu 6, palibe amene amatsuka mpaka onse 20 atada. Kontena imene munabweretsera nsima kapena mpunga ibwerere kunyumba tsiku lomwelo. Ikagona mu sinki, mphemvu zapeza mgonero, ndipo zikakhazikika kuseri kwa firiji kumene kumafunda, sizichoka ndi tsache.

Siponji isinthidwe pakatha masabata awiri, kansalu kachapidwe ndi kuyanikidwa tsiku lililonse. Fungo limene anthu amanamizira sinki nthawi zambiri limachokera pa kansalu konyowa kopindidwa.

Madzi akasiya kutuluka, ndani athamange?

Madzi ambiri a mu mzinda uno amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry kukwera mtunda wautali, ndipo mapampu ake amadalira magetsi. Choncho masiku ouma mipopi amakhalapo, ndipo ofesi iwakonzekere madzi akadali kutuluka.

Werengani motere. Kugejemula kamodzi kumatenga malita 6 mpaka 9. Anthu 6, aliyense katatu patsiku, ndi malita oposa 100, osawerengera kusamba m'manja, tiyi ndi kukolopa. Mgolo wa malita 200 ndi wa tsiku limodzi, mukasamala awiri. Sungani mgolo umodzi wa kuchimbudzi ndi zigubu ziwiri za malita 20 za madzi akumwa, zolembedwa kuti zisasokonezeke. Ntchito ya awiri a mtolo wa madzi ndi kuona m'mawa uliwonse kuti zonse n'zodzaza, osati kuyamba kufunafuna mpopi utauma kale.

Mgolo ukhale wovindikira, ndipo Lachisanu lililonse madzi ake agwiritsidwe ntchito pokolopa, utsukidwe, udzazidwenso. Udzudzu umatha kuswana m'madzi oima pa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Madzi akumwa ochokera kwina muwawiritse kapena muthire WaterGuard motsata muyeso wa pa botolo. Amene anali muno nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 safuna kuuzidwa chifukwa chake. Pakhomo pa chimbudzi pakhale ndowa ya kampopi, beseni ndi sopo.

Chigubu chodzaza chimalemera makilogalamu 20. Ngati ofesi ili pa nsanjika yachiwiri, kukweza zigubu khumi si ntchito ya mphindi 40 ija ayi. Tsiku limenelo onse amene ali ndi mphamvu atsike, kapena ofesi ilipire waganyu.

Chimbudzi chitsukidwe bwanji kuti wotsatira asadandaule?

Lembani njira yake kuseri kwa chitseko, chifukwa mikangano yambiri imabwera poti "kutsuka" kwa wina ndi kungothira madzi. Valani magolovesi. Thirani mankhwala a m'chimbudzi mkati mwa mbale yake, makamaka kunsi kwa mkombero, muwasiye mphindi zisanu. Pa nthawiyo pukutani chogwirira chitseko, mpopi, chogejemulira ndi chokhalira ndi madzi a Jik. Jik wamba ndi wa mphamvu ya 3.5 peresenti, ndiye masipuni aakulu awiri, mamililita 30, pa lita imodzi ya madzi akwana. Sakanizani watsopano tsiku lililonse popeza wosungunula amatha mphamvu. Kenako kwechani ndi bulashi, gejemulani, kolopani kuyambira mkati kutulukira kukhomo.

Musasakanize Jik ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi monga Harpic, ngakhale kuthira wina pamwamba pa mnzake. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa kolorini umene umawotcha maso ndi chifuwa, ndipo m'kachipinda kopanda windo munthu akhoza kukomoka. Mankhwala oyambawo atsike ndi madzi kaye musanathire enawo.

Chikolopa ndi kansalu za kuchimbudzi zikhale za mtundu wosiyana ndi za kukhitchini. Mukhale kabini kovindikira ka zotayira za amayi, chifukwa zikaponyedwa mu mbale ndizo zimatseka mapaipi, pamodzi ndi nyuzipepala imene anthu amagwiritsa ntchito tishu akatha. Wa mtolowu aone kuti tishu otsala sakuchepera awiri.

Sopo, shuga ndi tishu agule ndani?

Zotsukira, tishu, magolovesi, matsache ndi madzi akumwa ndi za ofesi. Shuga, masamba a tiyi ndi mkaka zimatengera mgwirizano. Ngati mukusonkha, sonkhani tsiku lolandira malipiro, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo msungichuma asinthe miyezi itatu iliyonse. Malisiti amatidwe m'kope limene aliyense angatsekule. Wosamwa tiyi asasonkhe za tiyi. Wotumidwa kogula apatsidwe ya thiransipoti asananyamuke, osati kumuuza kuti adzabwezeredwa kumapeto kwa mwezi.

Shuga amatha msanga akakhala m'paketi yake yotsekula. Thirani wa masiku awiri mu kabotolo, wotsalayo atsekeredwe. Nyerere nazonso zimachepa.

Nanga ketulo ndi firiji, poti mayunitsi a magetsi amathamanga?

Yunitsi imodzi imawiritsa ketulo yodzaza pafupifupi ka 6. Anthu akamawiritsa aliyense payekha ketulo yodzaza chifukwa cha kapu imodzi, pa mwezi zimaoneka. Wa tiyi awiritse kawiri, m'mawa ndi masana, athire mu fulasiki yaikulu. Yemweyo aziyang'ana mita Lolemba lililonse ndi kuuza wogula mayunitsi asanathe.

Magetsi akazima firiji imasunga kuzizira kwa maola 4 ngati simukuitsekulatsekula. Akazima usiku wonse, ndiwo za nyama ndi nsomba zotsala zitayidwe. Lachisanu pa 3 koloko wa mtolo wa firiji alengeze kamodzi, ndipo chilichonse chopanda mwini chipite mu bini. Kontena yokha aitsuke aiike pambali.

Wina akapita ku tchuthi, ku maliro kapena akadwala?

Tchuthi chimadziwika kale. Wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 15 pa chaka mwa lamulo, choncho asinthanitse sabata yake ndi mnzake asanapite, ndipo kusinthanako kulembedwe pakhoma. Maliro ndi matenda sizibwezedwa. Otsala agawane mtolowo, nkhani yathera pomwepo. Kuuza munthu wochokera kokaika mayi ake ku Mulanje kuti ali ndi ngongole ya masiku atatu a bini n'kusowa umunthu.

Mayi woyembekezera, munthu wa mphumu kapena wa msana asachotsedwe pa mndandanda, koma apatsidwe zimene angathe, monga kope la ndalama, foni ya masana kapena kuyang'ana zimene zatha, m'malo mwa zigubu ndi mankhwala onunkha. Akapita ku tchuthi cha uchembere, chomwe ndi masabata osachepera 8, mitolo imangidwenso pa anthu asanu. Asilamu amene amapita ku mzikiti Lachisanu masana ndi a Seventh-day amene amafuna kufika kunyumba dzuwa lisanalowe asapatsidwe kutseka ofesi tsiku limenelo, atseke Lachinayi. Wowerengera ndalama mumupewetse mtolo wolemera m'masiku oyandikira pa 14 ndi pa 25, pamene amakhala akuthamangitsa za msonkho za ku MRA.

Pali ntchito zina zimene sizioneka ngati ntchito. Tiziwerenge?

Ziwerengeni. Kulemba zokambirana pa msonkhano, kudzuka kukatsekulira mlendo, kutsala ndi foni ena atapita ku nkhomaliro, kuyendetsa pepala la chipepeso, kuchotsa pepala lokodwa mu pulinta. Zimenezi zimakakamira munthu wa desiki yoyandikana ndi chitseko, kapena amene anavomera kamodzi. Kulemba zokambirana makamaka kuzungulire onse, popeza wolemba salankhula, ndipo munthu amene salankhula pa misonkhano khumi yotsatizana amaiwalika pa nthawi yokweza anthu.

Palinso ntchito yokumbutsa ena. Amene amasamala mndandandawo nayenso akugwira ntchito, muwerengereni mphindi 15 pa sabata ndipo asinthe pakatha masabata 6.

Sikwabwino kungolemba waganyu?

Ngati ndalama ilipo, inde, makamaka pa chimbudzi, mawindo ndi kupaka kobula pansi. Munthu wobwera katatu pa sabata kwa maola awiri amachepetsa ndithu mphindi 420 zija. Gwirizanani naye molemba za masiku, maola, malipiro ndi zimene adzachite, mumupatse magolovesi, ndipo alipidwe ndi ofesi pa tsiku lake. Maofesi oyandikana m'nyumba imodzi akhoza kusonkherana pa munthu mmodzi.

Chimene sitivomereza ndi kukankhira zonse kwa mlonda wa usiku kuti akolope asanaweruke, n'kumupatsa tiyi ndi buledi ngati malipiro. Wagwira kale maola ake. Ngati akufuna ganyuyo, alipidwe padera.

Waganyu akabwera, makapu, madesiki ndi firiji zikhalebe za eni ake, ndipo mndandanda wa masiku amene iye kulibe ukhalebe pakhoma.

Zinyalala tizitani nazo, poti galimoto siibwera tsiku lililonse?

Funsani eni nyumba kapena a khonsolo ya mzinda tsiku limene galimoto imadutsa mu msewu wanu, mulilembe pa mndandanda, ndipo bini yaikulu itulutsidwe m'mawa wa tsikulo, osati usiku wake pamene agalu amaigubuduza. Mkati mukhale mabini awiri. Ya mapepala ikhoza kudikira mpaka Lachisanu. Ya zotsala za chakudya, makoko a nthochi ndi masamba a tiyi ikhale yovindikira ndipo ituluke tsiku lililonse poweruka. Kunsi kwake yalani nyuzipepala yakale kuti imwe madzi.

Mapepala okhala ndi maina a makasitomala, manambala a foni kapena za malipiro asapite mu bini athunthu, chifukwa mapepala a mu ofesi amakathera kokulungira mtedza ndi zitumbuwa pa msika. Mwini pepala aling'ambe yekha tizidutswa asanalitaye. Imeneyi isakhale ntchito ya wa mtolo wa zinyalala, amene sayenera n'komwe kuwerenga zimene zalembedwapo.